ZA UMOYO PA KOMBONI: Mwana akatupa kumaso, yambani mwaona mikodzo yake

Mu komboni mwana akatupa, khoti siichedwa kukhala. Imakhalila pa pompi m'mamawa, mabaketi ali pa mzele. Wina akuti ni njala: "Amai bake bamangoyenda mu tauni, mwana akudya chabe ma jiggies." Wina akuti ni mdulo, atate a mwana anayenda kumbali. Wachitatu amatsitsa mau n'kuloza na mlomo ku nyumba ya ba neba amene munakangana nao pa nkhani ya ngalande. Pofika 09 hours mlandu watha, wolakwa wapezeka. Koma pa oweluza onsewa palibe olo mmodzi amene wafunsa funso limene nasi wodziwa nchito amayambila: nanga mikodzo ya mwana ioneka bwanji?

Wiki ino tikamba za impso za ana. Ambili tiganiza kuti matenda a impso ni a madala a shuga na BP, kapena a ajomba amene anakwatila moba. Iyai, ana naonso amadwala impso, ena ali na zaka zitatu chabe, ndipo kambili vuto imakhala mu tumasefa tung'onotung'ono tumene tuli mkati mwa impso.

Impso zili ziwili, kumsana pansi pa nthiti, iliyonse kukula kwake monga chibakela cha mwini wake. Mu impso imodzi muli tumasefa pafupifupi 1 miliyoni, madokota amatuitana kuti glomeruli. Nchito yake ni kusefa magazi: madzi na zonyansa zipite, koma maselo a magazi na mapuloteni atsale m'thupi. Kwa munthu wamkulu, madzi amene amapita pa tumasefa utu pa tsiku amafika malita 180. Ganizilani makontena 9 a 20 litres aja amene mumanyamula pa wilibala. Pafupifupi madzi onsewo thupi limawabwezanso, amene amatuluka monga mikodzo ni lita imodzi kapena awili. Manje sefa ikaonongeka, imaonongeka mwa njila ziwili. Ingabooke n'kuyamba kutaya mapuloteni, kapena ingatupe n'kutsekeka, kwinaku ikudonthetsa magazi.

Tiyambe na sefa yobooka, imene ku chipatala amati nephrotic syndrome. Iyi ikonda ana a zaka 2 kufika 6, ndipo anyamata ndiwo amachuluka. M'magazi muli puloteni yochedwa albumin, imene imagwila madzi kuti akhale mkati mwa mitsempha. Albumin ikathela mu mikodzo, madzi amathawa mu mitsempha n'kukadikha pansi pa khungu. Kumeneko ndiye kutupa.

Matendawa ali na uchenjezi wake. Mwana amauka m'mawa zikope zitatupa, maso atachepa monga walila usiku wonse. Pofika masana nkhope yaphwa, mwana ali panja athamangitsa bola. Mai amati, "Ah, kanamuluma kadoyo usiku," n'kumupatsa Piriton. Koma madzi aja sanapite kulikonse, angotsikila kumiyendo chifukwa mwana waimilila tsiku lonse. Madzulo muone mapazi. Dinikizani chala pa fupa la kutsogolo kwa mwendo, muwelenge kufika 10, muchotse. Ngati patsala kadzenje, amenewo ni madzi. Masiku akamapita nsapato zikana kulowa, lasitiki ya kabudula isiya chidindo m'chiuno, mimba ikula, ndipo kwa anyamata olo kumalo obisika kumatupa. Chomvetsa chisoni ni chakuti poyamba anthu amayamikila: "Mwana wanu waina, mumudyesa chani?" Kansi ni madzi.

Mikodzo yake imachepa ndipo imachita thovu monga mwathilamo Boom, thovu losatha msanga. Apa pali vuto yathu ya mu komboni imene mabuku a madokota sakamba. Mwana wa ku Kabulonga akakodza, thovu lionekela mu toileti yoyela. Mwana wa ku Kanyama akodzela mu chimbudzi chokumba kapena kuseli kwa nyumba pa dothi, ndani angaone? Ndiye ngati mwakayikila, tengani botolo yoyela yotsuka bwino, akodzelemo mikodzo yoyamba ya m'mawa, muiyang'ane pa kuwala. Botolo yomweyo muinyamule popita ku kiliniki.

Kumeneko nchito ni ya mphindi imodzi kapena ziwili. Nasi amaviika kapepala kopyapyala mu mikodzo, kamene amati dipstick, mtundu usintha, ndipo aona ngati muli puloteni kapena magazi. Mukamva akuti "protein 3 plus", ndiye kuti sefa itaya kwambili. Kapepala aka ndiye kamasiyanitsa matenda a impso na kwashiorkor, chifukwa kutupa kwake kulingana. Mwana wa kwashiorkor kambili tsitsi limafiila n'kuyamba kuthothoka, khungu limasupuka, ndipo mikodzo yake simukhala puloteni yambili. Mtima na chiwindi navo vingatupitse mwana. Na maso chabe simungadziwe, olo mutakhala kuti mwalela ana khumi. Ngati ku kiliniki aiwala kupima mikodzo, pemphani mwaulemu: "Ba sister, napapata mupimeko na mitundo." Palibe nasi amene angakukalipileni pa ichi, ndipo olo akalipe, kukalipilidwa sikupha.

Za mdulo nikambeko pang'ono, chifukwa niziba kuti ambili a ife amene makolo athu anachokela ku Chipata, Katete na Petauke tinakula nazo. Mwambo umati mwana akatupa, kholo lina laphwanya lamulo, kapena mai wathila mchele m'ndiwo pa nthawi yosayenela. Ine sinili pano kunyoza ambuya athu. Iwo anaona bwino kuti kutupa na mchele viyendela pamodzi, ndipo pamenepo dokota angavomeleze, chifukwa mchele umasunga madzi m'thupi ndipo mwana wotupa umamutupitsilatu. Chimene nikana ni masiku amene amatayika. Banja likhala pansi wiki yathunthu kufunsa atate kumene anagona, ankhoswe aitanidwa, mai alila, ukwati ugwedezeka, pamene mwana ali pa mphasa atupilatupila. Ngati pali mlandu wa m'banja, sungathawe, mukaupeza pobwela ku chipatala.

Ndipo chonde, mphini ayi. Khungu lotupa likatemedwa na lezala silipola msanga, limangotuluka madzi, ndipo pamenepo ndiye pakhomo pa tudoyo. Mwana wa nephrotic syndrome sataya albumin yokha, amatayanso mapuloteni amene amamenyana na matenda. Chimene chimapha ana awa kambili si kutupa kwenikweniko koma matenda olowelapo. Madzi a m'mimba muja angagwile tudoyo, matenda amene amati peritonitis. Mwana wotupa akatentha thupi, akadandaula m'mimba kuwawa, akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, kapena mwendo umodzi ukatupa kupambana unzake n'kumawawa, musayembekezele kuche. Pezani motoka usiku womwewo.

Mankhwala oyamba ni prednisolone, tumapilisi tung'ono toyela. Asanayambe, madokota amapima TB, HIV na hepatitis B, chifukwa mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha thupi, ndiponso HIV na hepatitis B pavokha vingaononge sefa. Musakhumudwe akakupemphani kupima, si kuti akuganizilani zoipa. Mwana amamwa tsiku lililonse kwa mawiki 4 kufika 6, pambuyo pake amamwa modumphitsa tsiku, ndipo zonse pamodzi zimatenga mawiki 8 kufika 12. Mwana amene thupi lake lamva mankhwala, kambili mu wiki yoyamba kapena yachiwili amayamba kukodza kwambili, kutupa n'kuphwa monga chibaluni.

Apa ndiye pamene makolo ambili amagwela. Mwana waphwa, aseka, adya, ndiye amati wapola, mapilisi aponyedwa pa windo. Ena amaleka chifukwa prednisolone nayo ili na vake: masaya amakula nkhope n'kukhala yozungulila monga mwezi, mwana amadya monga wachoka ku munda, amakwiya msanga, usiku tulo tuvuta. Mai aona masaya aja n'kuganiza kuti matenda abwelanso. Kusiyana kwake ni kwakuti masaya a mankhwala sasiya kadzenje mukadinikiza, ndipo amatha mankhwala akachepetsedwa. Enanso amauzidwa ku mapemphelo kuti kumwa mapilisi ni kuchepa chikhulupililo. Pemphelani, nanga ndani angakuletseni, koma prednisolone siilekedwa mwadzidzidzi. Thupi likaizolowela limaleka kupanga yake yachibadwa, ndipo mukadula tsiku limodzi mwana angafooke kufika pangozi. Amene amachepetsa ni dokota, pang'onopang'ono.

Nanga amapola? Yankho yake ili pawili, ndipo sinizakunamizani. Ku Ulaya na ku Asia, ana 8 mwa 10 alionse kapena kupitililapo amamva prednisolone. Pakati pa ana akuda a mu Africa, madokota a ku South Africa na ku Nigeria akhala akupeza kuti amene samva mankhwalawa ni ochulukilapo, maka-maka ana okulilapo. Ambili a iwo amakhala na mtundu wochedwa FSGS, pamene tumasefa tumachita zipsela. Mbali ina ya chifukwa chake ili m'magazi a makolo. Mu 2010 asayansi anapeza kuti kusintha kwina mu jini yochedwa APOL1, kumene kumapezeka maningi kwa anthu ochokela ku West Africa, kumaonjezela ngozi ya matenda a impso otele. Chodabwitsa ni chakuti kusintha komweku kumateteza munthu ku kaodzela, matenda a ntchentche ya tsetse, mtundu uja umene unadziwika koyamba mu 1910 pa munthu amene anautengela ku chigwa cha Luangwa. Chishango cha makolo chinasanduka katundu wa adzukulu.

Mwana amene wamva mankhwala, tsogolo la impso zake kambili limakhala labwino. Koma dziwilanitu kuti ambili, kupitilila hafu, matenda amawabwelela, ena kamodzi, ena kangapo pa chaka. Kambili chimene chimautsa ni chimfine wamba. Kubwelela uku sikutanthauza kuti dokota analephela kapena kuti wina walodzanso, ni mmene matendawa alili, ndipo kwa ambili kumachepa mwana akamafika ku sekondale. Amene sanamve prednisolone patapita mawiki 4 kufika 6 ndiye nkhani imalimba. Madokota angafune kutenga kanyama kang'ono ka impso na nsingano kuti akaone pa makina, kumene amati biopsy, n'kuyesa mankhwala ena monga tacrolimus kapena cyclosporine, amene ni odula ndipo afuna kupima magazi pafupipafupi. Ena amathandizika. Ena impso zimapita zikufooka m'zaka zingapo.

Manje tibwele ku sefa yotupa n'kutsekeka. Iyi ni ya ana a sukulu, zaka 5 kufika 12, ndipo imayambila pa vinthu vimene tonse timapeputsa: mphele, vilonda va m'miyendo vija vokhala na mafinya na nkhanambo, na zilonda za pakhosi. Kadoyo kochedwa streptococcus kamalowa pa vilonda ivi. Thupi limamenyana nako, koma pa nkhondoyo zotsalila zake zimakakamila mu tumasefa n'kututupitsa. Ngati kanali pakhosi, impso zimayamba kuvuta patapita wiki imodzi kufika atatu. Ngati kanali pakhungu, mawiki 3 kufika 6. Pa nthawiyo chilonda chinauma kale, aliyense anaiwala, ndiye palibe amene amalumikiza viwili ivi. Dokota akafunsa ngati mwana anali na vilonda mwezi watha, musaone monga ataya nthawi.

Chizindikilo chake chachikulu ni mtundu wa mikodzo: imada monga Coca-Cola kapena tiyi wopanda mkaka, ndipo imachepa ngako. Nkhope imatupa koma osati kwambili monga mtundu woyamba uja. Ngozi ili pa BP. Inde, mwana wa Grade 3 angakhale na BP yokwela kupambana ya ambuye ake. Mutu umawawa, asanza, maso aona mbuu, ndipo ena amagwa n'kuyamba kugwedezeka monga wa khunyu. Madzi angadzalenso m'mapapo, mwana n'kumapuma mobanika, osafuna kugona chagada. Mwana wotele anthu amathamangila kumuika supuni mkamwa na kumufukiza utsi, pamene chofunika ni kutsitsa BP. Ku kiliniki pemphani kuti amupime BP, ndipo na lamba wa ana, chifukwa wa akulu pa kadzanja kang'ono upeleka manambala abodza.

Nkhani yabwino ni yakuti mtundu uwu, mwana akadutsa masiku oyamba aja ali m'manja mwa achipatala, opitilila 9 mwa 10 amapolelatu. Amamuchepetsela mchele na madzi, amupatsa mankhwala okodzetsa, a BP, na penicillin yotsiliza kadoyo. Mu wiki imodzi kapena awili mikodzo ichuluka, BP itsika. Tumagazi tosaoneka na maso tungapitilize kupezeka pa dipstick kwa chaka kapena kupitilila, ndiye chifukwa chake amakuuzani kubwela ku review olo mwana aoneka mushe. Onani kuti apa prednisolone si mankhwala ake. Ndiye ba neba akakuuzani kuti "wanga naye anavimba so, tengani aya yanasala," muwayamike n'kuwabwezela. Chimodzimodzi Lasix wogula pa kantemba: mwana wa nephrotic madzi ali panja pa mitsempha, mkati ni mouma, mukamukodzetsa mwachisawawa magazi angaundane kapena impso zingaime. Brufen na diclofenac navo ni adani a impso yodwala. Thupi likatentha, Panado, n'kuthamangila ku chipatala.

Mphele nazo tizipatse ulemu wake. Mu chipinda chimodzi mmene mugona anthu 6, bulangeti imodzi, madzi ogula pa baketi, mphele sizichoka mukapaka mwana mmodzi. Mankhwala opaka monga benzyl benzoate apakidwe nyumba yonse tsiku limodzi, vovala na mabulangeti vichapidwe n'kuyanikidwa pa dzuwa lamphamvu. Zikhadabo za ana ziwengedwe, chifukwa kukanda ndiye kumatsegulila kadoyo njila.

Si mikodzo yonse yofiila imene ichokela mu sefa. Mwana wosamba m'madamu, m'migodi ya miyala kapena ku Kafue, akamatulutsa magazi ofiila piliwili pothela pa kukodza, kambili ni likodzo, ndipo mankhwala ake ni praziquantel. Malungo akulu naonso amadetsa mikodzo. Palinso ana amene sefa yao imaonongeka chifukwa cha matenda ena: sickle cell, HIV imene siilandila ma ARV bwino, na lupus, imene ikonda atsikana osinkhuka ndipo imabwela na kuwawa kwa mfundo na zidzolo kumaso. Hepatitis B kale inali kutupitsa ana ambili kuno kum'mwela kwa Africa, maka-maka anyamata. Ku South Africa katemela wake atayamba mu 1995, madokota anaona mtundu umenewu wa matenda a impso ukuchepelatu. Kwathu kuno katemelayu ali mu nyeleti zija za pa mawiki 6, 10 na 14. Ndiye kadi ya under five ija imene ena mumapondeleza pansi pa matilesi, itetezanso impso.

Njila ya chipatala muidziwa. Muyambila ku kiliniki ya kwanu, kapena ku zipatala za Matero, Chipata, Kanyama, Chawama na Chilenje. Akaona kuti nkhani ni ya impso, akulembelani kalata ya ku Children's Hospital ya ku UTH. A ku Copperbelt ali na Arthur Davison ku Ndola. Impso zikaima, pali dialysis, kutsuka magazi na makina kapena kupitila m'mimba. Kwa mwana amene impso zaima mwadzidzidzi, dialysis ya masiku ochepa ingamuolotse mpaka zitaukanso. Kwa amene zafelatu ni nkhani ina: kawili kapena katatu pa wiki, maola anai pa makina, sukulu isokonezeka, nchito ya kholo isokonezeka, ndalama za basi zokha zitha thumba. Ku UTH anachita opaleshoni yoyamba yoika impso mu 2018, ndipo tinanyadila, koma palibe kholo limene lingafune kuti mwana wake afike pa mzele umenewo. Amene muli pa nchito ndipo amakudulani 1 peresenti ya NHIMA mwezi uliwonse, kodi ana anu munawalembetsa? Ambili timakumbukila tili kale pa windo, mwana ali kumsana.

Kwa imwe atate, liu limodzi. Mu mawodi a ana mumadzala amai na ambuya. Koma matenda aya ni a miyezi, nthawi zina zaka, ndipo mai mmodzi sangakwanitse kugulitsa pa msika, kukumbukila tsiku lomwa na lodumpha, na kukaima pa mzele wa review. Dziwani dzina la mankhwala a mwana wanu monga mmene mudziwila osewela a Arsenal.

Ku nyumba, nkhondo yaikulu ili mu poto. Pamene mwana ali wotupa kapena ali pa prednisolone, mchele uchepe ngako, ndipo mchele suli mu kabotolo ka pa thebulo chabe. Uli mu kapenta na nsomba youma yothila mchele, mu soseji na polony, mu ma jiggies na makilisipi, mu tumakyubu tokometsela supu, mu manudozi a mu paketi. Soda wa mu delele na mu chikanda naye ni m'bale wake wa mchele. Kapenta muiviike m'madzi n'kutaya madziwo musanaphike. Ndiwo za mwana mupatule mu kapoto kake musanathile mchele, mukometsele na tomato, anyezi na nsinjilo. Nsima, binzi, mazila, chibwabwa na zipatso adye monga mwa masiku onse pokhapo dokota atakuuzani zina, ndipo musamuunjikile mazila 6 pa tsiku poganiza kuti mubweza puloteni, sefa ikali yobooka imangotaya. Uzani na ba tisha kuti mu kilasi mukabuka chikuku kapena katsabola akudziwitseni tsiku lomwelo, chifukwa kwa mwana wa pa prednisolone matenda awa amakula.

Gulani kabuku ka masamu kaja kotchipa. Tsiku lililonse lembani deti, mapilisi amene wamwa, mmene maso aonekela m'mawa, na mtundu wa mikodzo. Ngati mungakwanitse kugula ma dipstick ku famasi, ba nasi angakuphunzitseni kuwelenga, ndipo puloteni ikaoneka 3 plus masiku atatu otsatizana mubwelele ku chipatala olo mwana asanatupe. Pa tsiku la review nyamulani kabuku, mapaketi onse a mankhwala olo otha, kadi ya under five, na botolo ya mikodzo ya m'mawa umenewo.